Mwanenepa? Musathamangire tiyi wa pa WhatsApp

Asisi, mtsikana akangonenepa pang'ono, aliyense amasanduka dokotala. Azakhali akuti ndi jakisoni wa kulera, chibwenzi chikuti ndi tchipisi, wogulitsa tiyi akuti m'mimba mwadzaza "zoipa".

Za Depo n'zoona kwa ena: nthawi zambiri ndi kilogalamu 1 mpaka 2 pachaka, ena sasintha n'komwe. Ma ARV okhala ndi dolutegravir, omwe anafala kuno kuyambira 2019, amawonjezeranso thupi kwa amayi ena. Kugona pang'ono, kukhala pampando tsiku lonse ndi zakumwa za shuga nazonso zimanenepetsa.

Nanga tiyi uja? Ambiri mwa matiyi amenewa muli senna, mankhwala otsegula m'mimba. Chimachoka ndi madzi, mafuta ali pompo. Choopsa n'chakuti kutsegula m'mimba kwambiri kungalepheretse mapiritsi olera kugwira ntchito, mimba n'kubwera osaikonzekera. Wogulitsayo mufunseni ngati PMRA inavomereza katundu wakeyo, muone mmene asinthire nkhani.

Ife tikuti musasiye kulera kapena ma ARV mwakachetechete chifukwa cha pakamwa pa anthu. Ngati Depo sakukuyanjani, pitani kuchipatala mukafunse njira ina. Lupu ya kopa ilibe mahomoni.