Silver idalanda ligi ndi mwana wa Bullets

Pomwe ligi ya TNM ya 2024 inkayamba, ndi ochepa omwe ankaganiza kuti chikho chingachoke mumzinda wa Blantyre. FCB Nyasa Big Bullets idali itachitenga kasanu motsatizana kuyambira 2018, ndipo mu 2023 Maule adasesa zonse: ligi, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 komanso Castel Challenge Cup.

Koma atatha masewero 30, Silver Strikers ndiyo idali pamwamba pa matimu 16, Mighty Wanderers pachiwiri, Bullets n'kutsalira pachitatu. Kwa ochemerera a ku Area 47 ku Lilongwe, ludzu lidali litafika posauzana, chifukwa ligi adaiwona komaliza mu 2013.

Chidasintha n'chiyani? Ndalama ayi. Silver, yomwe mwini wake ndi Reserve Bank of Malawi, siidali pa mavuto a ndalama ngati matimu ang'onoang'ono. Osewera abwino idali nawo kale, ndipo mu 2023 idathera pachiwiri ili m'manja mwa Pieter de Jongh. Chomwe chinkasowa ndi munthu wodziwa momwe ligi amaipambanira, kuti mapointi atatu a pabwalo lafumbi kutali ndi kwanu ndi ofanana ndi omwe umapeza utathambitsa Manoma.

Munthuyo adali Peter Mponda. Iyeyu ndi mwana wa Bullets weniweni. Adaisewerera timuyi, adatsogolera Flames ku Africa Cup of Nations ku Angola mu 2010, kenaka n'kukhala wachiwiri kwa mphunzitsi Kalisto Pasuwa m'zaka zomwe Maule ankakolola zikho. Nzeru zomwe adatola pambali pa Pasuwa ndi zomwe adakagwetsera bwana wake wakaleyo.

Apa ndi pomwe akuluakulu a Silver adagona tulo. Chikho chisadazizire n'komwe, Pasuwa adasiyana ndi Bullets, pambuyo pake n'kukhala mphunzitsi wa Flames, ndipo kumayambiriro kwa 2025 Maule adaitana mwana wawo kuti abwerere kumudzi. Mponda adanyamuka. Timu yomwe idadikira zaka 11 kuti ipeze mphunzitsi woipatsa ligi idalephera kumusunga chaka chachiwiri, udindo n'kugwera yemwe adali wachiwiri wake, Peter Mgangira.

Ena adati kupambana kwa Silver ndi umboni woti ligi ya Malawi yayamba kukhwima. Mwina, koma mbiri siikuvomereza kwenikweni. Kuyambira 2008 mpaka 2024, chikho chidazungulira pakati pa Silver, Bullets ndi Wanderers, kupatula pomwe Escom United komanso asilikali a Kamuzu Barracks, mu 2016, adalowererapo. Matimu ngati Karonga United ndi Chitipa United, omwe amawononga ndalama zambiri paulendo wokha wopita kummwera, nkhondo yawo yeniyeni imakhala yopewa kutuluka mu ligi. Mu 2024 chikho chidangosamuka kuchoka kwa wolemera wa ku Blantyre kupita kwa wolemera wa ku Lilongwe.