Fungo la M'botolo Silamula Mudzi

Masiku ano kwabwera mafuta onunkhira otchedwa oud. Amalonda a m'matauni amawaoda ku Dubai, ndipo potsatsa sakhutira ndi kunena kuti perefyumuyo amanunkhira bwino. Amati ndi woyenera munthu wolamula: uja akalowa m'nyumba onse amangoti zii, uja fungo lake limatsalira pampando mwiniwake atapita kale. Mnyamata wochokera ku Joni akamva zimenezi amakhuthula ndalama zoti zikadagula feteleza wa munda wa amayi ake, nadzithira m'khosi ndi m'manja, nafika pamaliro ku Likhubula akuyembekeza kuti amuyalira mpando wakutsogolo. Bodza limeneli liyenera kutsutsidwa lisanazike mizu, chifukwa likuphunzitsa ana kuti ulemu ndi katundu wa m'sitolo.

Pasakhale wina woganiza kuti nkhondoyi ndi yolimbana ndi ukhondo. Makolo ankasamba, nadzola mafuta a nsatsi, ndipo munthu wauve ankadzudzulidwa. Chovuta ndi chiphunzitso chimene chamatidwa pabotolo.

Adzukulu ayambe adziwa chimene akugula. Liwu lakuti oud ndi la Chiarabu, ndipo limangotanthauza mtengo. Mtengo wake, wotchedwa Aquilaria, umamera ku Assam m'dziko la India, ku Bangladesh, Cambodia, Vietnam, Malaysia ndi Indonesia. Ukakhala wabwinobwino thabwa lake ndi loyera, lopepuka ndiponso lopanda fungo. Koma ukavulala, kaya ndi mphezi, tizilombo toboola kapena nkhwangwa, chuku chimalowa pabalapo, ndipo mtengo podziteteza umatulutsa utomoni wakuda umene umalowerera m'kati kwa zaka zambiri. Utomoni umenewo ndiwo oud. Tsono munthu amene akudziguguda pamtima kuti wadzola fungo la mafumu, kunena zoona wadzola chilonda cha mtengo.

M'nkhalango ndi mitengo yowerengeka chabe imene imakhala ndi utomoniwu, ndipo nthawi zambiri sudziwika ndi maso mtengo uli chilili. Ofunafuna ankagwetsa mitengo yambirimbiri kuti apeze umodzi. Nkhalango zitayamba kupululuka, pangano la maiko la CITES linaika malire pa malonda a mtundu umodzi wa mitengoyi mu 1995, ndipo mu 2004 linaphatikizapo mitundu yonse ya Aquilaria. Zimenezi zinachitika pamene Azungu ankayamba kumene kulikonda fungoli: kampani ya Yves Saint Laurent inatulutsa M7 mu 2002, Tom Ford natulutsa Oud Wood mu 2007. Lero oud wambiri amachokera m'minda momwe alimi amaboola mitengo dala, ndipo mabotolo ambiri olembedwa dzinali ali ndi fungo longopangidwa ku fakitale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chodabwitsa n'chakuti eniake a mwambowu sachita monga amalonda akunenera. M'nyumba za Aarabu mwininyumba amaika tizidutswa ta mtengowu pamakala, napereka mbaula yofukizirayo kwa alendo ake mmodzimmodzi kuti utsi ulowe m'zovala zawo. Kumeneko fungo ndi mphatso ya mlendo. Amalonda atenga chinthu cholemekezera ena n'kuchisandutsa choopsezera ena.

Nanga munthu wolamula ndi wotani pa mwambo wa m'tsinde mwa phiri la Mulanje, pakati pa Alhomwe ndi Amang'anja? Akuluakulu adati mfumu ndi dzala. Sadati mfumu ndi duwa ayi. Kudzala ndi kumene mudzi wonse umataya zinyalala zake: milandu ya malire a minda, maukwati ogwedezeka, zitonzo za oledzera, madandaulo a amasiye. Dzala silinunkhira, koma mudzi wopanda dzala sukhalika. Mwinimbumba amamveredwa ndi ana a alongo ake chifukwa ndiye amayenda usiku mwana akadwala, ndiye amapepesa mphwake akalakwira anthu. Nkhoswe ikatsokomola banja limakhala chete chifukwa idasenza manyazi a banjalo kangapo konse osaulula.

Pamaliro pomwe paja mnyamata wa ku Joni akufuna mpando, olamula enieni ndi adzukulu ena aja, okumba manda. Amabwera ali thukuta kamukamu, dothi mpaka m'maondo, koma ngakhale womwalirayo akhale nduna, bokosi silinyamuka iwo asananene kuti kumanda zatheka. Chimodzimodzinso paphiri. Mlendo wolemera amafika pa ofesi ya nkhalango ku Likhubula atavala nsapato zodula, nalemba mnyamata womuperekeza amene malaya ake akununkha utsi wa nkhuni. Chiperoni chikatsika panjira ya ku Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, mnyamatayo akati tibwerere, mlendo wanzeru amabwerera osafunsa kawiri. Phirili lidatengapo miyoyo ya alendo okwera okha mu 2003 ndi mu 2009. Pamenepo palibe amene amafunsa kuti woperekezayo wadzola chiyani.

Koma chimene chikupweteka koposa n'chakuti Likhubula sakusowa womuphunzitsa za mtengo wonunkhira. Anali nawo wakewake, mkungudza, umene ambiri amangouti sida. Akatswiri amautcha Widdringtonia whytei pokumbukira Alexander Whyte, ndipo mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi kupatula paphiri la Mulanje. Thabwa lake silidyedwa ndi chiswe, siliola msanga, ndipo fungo lake limakhala m'nyumba zaka ndi zaka. Phirili lidakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mu 1984 Dr. H. Kamuzu Banda adalengeza kuti mkungudza ndiwo mtengo wa fuko la Malawi. Aliyense wodutsa pa timisika ta osema ziboliboli panjira yopita ku Dziwe la Nkhalamba ankatsegula kabokosi ka mkungudza, nanunkhiza, namwetulira.

Kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu yamoyo 7 yokha paphiri lonse. Pofika mu 2018 panalibenso ndi umodzi womwe wotha kubereka njere. Mu 2019 mkungudza udalowa m'ndandanda wa CITES womwe uja mudalowa mtengo wa oud. Moto wolusa, nsabwe za m'mitengo ndi paini wofalikira zidathandizira, koma chida chachikulu chinali sowo.

N'chapafupi kuloza chala anyamata amene ankatsika ku Chambe ndi ku Lichenya atasenza matabwa pamutu, ena opanda nsapato, kuti apeze ya ufa. Iwo adalakwa ndithu. Komatu thabwa silidzitengera lokha ku Blantyre. Panali wina woitanitsa, wa galimoto ndi ndalama m'thumba, wofuna kuti zitseko ndi denga la nyumba yake zizinunkhira kuti alendo adziwe kuti muno mukhala bwana. Ameneyo ndiye munthu wolamula amene amalonda a oud akumutamanda: wofuna chinthu lero lomwe, wosafunsa kumene chachokera, wosalola kuuzidwa kuti ayi. Khalidwe limene likugulitsidwa m'botolo ngati ulemerero ndi lomwe lidameta phiri mpala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, amatero, ndipo adamufwenkha yense osasiyira mdzukulu ndi kambewu komwe.

Kuyambira mu 2016 bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi a nthambi ya zankhalango ndi abwenzi akunja, lidathandiza midzi yozungulira phiri kukhazikitsa nazale za mkungudza, ndipo mbande zoposa 500,000 zidabzalidwa paphiri. Zina zidapsa ndi moto, zina zidagwira. Mu 2025 bungwe la UNESCO lidalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Amayi ndi abambo amene ankathirira mbandezo, ndi amene adazisenza kukwera nazo njira zomwe zija matabwa ankatsikira, ambiri mwa iwo sadzaona thabwa la mitengo imeneyo, pakuti mkungudza umatenga zaka makumimakumi kuti ukhwime. Potsika madzulo ankangonunkha thukuta ndi manyowa.