Ana Athu Aphunzire za Kupululidwa kwa Ayuda: Zofuna Zathu

Kwa akuluakulu oyang'anira maphunziro ndi zosunga mbiri ya dziko m'Chigawo cha Kum'mawa.

Ife aphunzitsi ndi makolo a ku Chipata, Katete ndi Chadiza tikufuna muchitepo kanthu, pakuti udindowu ndi wanu.

Ana athu amaloweza kuti Hitler anatenga ulamuliro wa Germany mu 1933, n'kulemba mayeso, basi. Afunseni za msasa wophera anthu wa Auschwitz, muone mmene akandire m'mutu. Boma la Hitler la Nazi linapha Ayuda 6 miliyoni. Linayamba ndi mabodza, kenako malamulo a tsankho mu 1935, kenako kuswa masitolo a Ayuda mu Novembala 1938. Nafenso mu Epulo 2016 tinaona masitolo a anthu a ku Rwanda akufunkhidwa ku Lusaka chifukwa cha mphekesera chabe.

Wina asatiuze kuti izi n'zakutali. Simon Zukas, Myuda wobadwira ku Lithuania, anafika m'dziko muno mu 1938 ali mnyamata. Patangopita zaka zochepa, Ayuda ambiri amene anatsala ku Lithuania anaphedwa. Zukas anamenyera ufulu wathu mpaka atsamunda anamupitikitsa mu 1952. Komanso pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene Chipata inkatchedwa Fort Jameson, kuno kunali msasa wa othawa nkhondo a ku Poland. Ana athu sakudziwa zimenezi.

Tikufuna izi:

1. Pa 27 Januwale, tsiku limene United Nations inapatula mu 2005 lokumbukira anthu ophedwawa, sukulu iliyonse ya sekondale ikhale ndi phunziro la ola lathunthu. Kalata yolamula zimenezi ifike kwa ahedi pasanathe masiku 30.

2. Temu yoyamba isanathe, aphunzitsi a mbiri aphunzitsidwe kaphunzitsidwe ka nkhaniyi, pamodzi ndi ya kupululidwa kwa anthu ku Rwanda mu 1994. Muwapatse mabuku ndi zithunzi, osati manotsi olembera pabolodi okha.

3. M'miyezi 6, kabuku kachidule ka m'Chinyanja kafike m'sukulu zonse, ndi zakumidzi zomwe.

4. M'miyezi 12, malo pamene panali msasa wa anthu a ku Poland atsimikizidwe, paikidwe chikwangwani. Funsani okalamba adakali moyo.

Tikufuna yankho lolembedwa m'masiku 14. Likapanda kufika, tidzabwera tokha ku maofesi anu kudzalitenga, ndipo chikalatachi tidzachipereka ku mawailesi a mu Chipata.

Ndife,
Aphunzitsi ndi makolo osaina m'munsimu.