Nimu si Mankhwala a Kolera

Anthu a ku Matero sanaiwale caka ca 2024, pamene odwala kolera anadzaza bwalo la National Heroes Stadium. Ncifukwa cace mbiri ya masamba opha tizirombo ifunika kuimvetsa bwino.

Mu 2004 akatswiri a ku Pune, ku India, anasakaniza madzi a masamba a nimu ndi mcere wa siliva, napanga timibulu ta siliva tosaoneka ndi maso. Timibulu totere timaphadi tizirombo m'mbale zoyesera.

Koma mbale ya akatswiri si mimba ya mwana. Nimu wowiritsa saciza kolera. Kuona maso a nkhono nkudekha. Tiwasiye akatswiri atsirize nchito yao. Ife tiwiritse madzi akumwa kapena kuthiramo klorini, ndipo wotsegula m'mimba tithamange naye ku cipatala.