Windo ikakana kutseguka, tisagumule mpanda

Ife amene timathandizila pa wailesi ya m'komboni timalidziwa vutoli. Ndandanda ya mapulogilamu a mawa ifunika kukonzedwa, kompyuta ili ku studio, ife tili kunyumba, ya basi palibe. Conco timalemba ssh -X kuti windo ya ku studio ionekele pa laptop yathu. M'malo mwa windo, pabwela mau akuti "cannot open display".

Apa m'pamene ambili a ife timalakwitsa. Mnzathu wina amati, "Ingolembani xhost +, muike adilesi ya laptop yanu mu DISPLAY, zisila." Nthawi zina windo imatsegukadi. Koma ikatelo, ndiye kuti yadutsa kunja kwa SSH, yosabisika. Ndipo xhost + imauza X11 kuti ilandile aliyense amene angaifikile. Munthu wotele angaone sikilini yathu na kuŵelenga zonse zimene tikulemba, mapasiwedi omwe.

Ife tikuti njila imeneyi tiileke. Pa makompyuta athu pali mau a amai a pamsika komanso acinyamata amene anatiuza zakukhosi titawalonjeza kuti maina ao sadzamveka. Lonjezo limenelo silithela pa maikolofoni.

Kukonza moyenela sikutenga nthawi. Pa kompyuta ya ku studio tione ngati mu /etc/ssh/sshd_config muli mzele wa X11Forwarding yes, ndiponso ngati xauth anaikidwamo. Tikasintha, tiyambitsenso sshd. Tikalowa, tilembe echo $DISPLAY. Ikaonetsa localhost:10.0, zili bwino, SSH yadziikila yokha, tisaikhudze. Ikapanda kuonetsa kanthu, tilowenso na ssh -v -X, tiŵelenge pamene zakanila. Amene ali pa Windows afunika pulogilamu monga VcXsrv kuti windoyo ipeze pofikila. Netiweki ikamakoka miyendo, -C amapanikiza deta, bando n'kukhalitsako.

Nanga ssh -Y? Imagwila, koma imapatsa kompyuta yakutaliyo mphamvu zonse pa sikilini yathu. Tiiseŵenzetse pa makina okhawo amene timadziŵa mwini wake.

Ena adzati, "Ndani angavutike kuba za kawailesi kathu?" Pa Wi-Fi imene pasiwedi yake aidziŵa anthu a pulazi yonse, sitingadziŵe amene akumvetsela. Tatu Ylönen analemba SSH mu 1995 anthu ena ataba mapasiwedi pa netiweki ya yunivesite yake ku Finland. Naonso sanali banki.

Mphindi khumi zoŵelenga uthenga wa vuto n'zochipa kuposa kukapepesa kwa mai amene anatikhulupilila.