Lekani kunamizira chisanu

Abale anga a kumudzi kuno ku Namitete, ndi inu muli ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni, lero ndiyankhula ngakhale ena mukwiye. Juni wafika, m'mawa zala zikuuma pogwira khasu kudimba, ndipo nyumba iliyonse mawu ake ndi amodzi: "Wagwidwa ndi chisanu." Agogo akatsokomola, akuti chisanu. Mwana akatentha thupi, chisanu. Mutu ukawawa, chisanu chomwecho. Ine ndikuti chisanu tikuchisenzetsa milandu yosakhala yake, ndipo bodza limeneli likutitengera ana kumanda.

Ife ndife alimi, tiyeni tiyambire kumunda. Nonse mukumudziwa kaufiti. Dzina lokhalo likusonyeza kuti makolo ankamuyesa zaufiti. Koma kaufiti ali ndi njere zake, zing'onozing'ono ngati fumbi, zimene zimakhala m'nthaka zaka zambiri. Nthaka ikaguga, iye amakula mphamvu n'kufoola chimanga. Nanga nthaka yoguga ingabale kaufiti pamene njere palibe? Ayi ndithu. Matenda ndi chimodzimodzi. Chimfine, chibayo ndi chifuwa chachikulu zili ndi njere zake, tizilombo tosaoneka ndi maso. Timachoka mwa munthu kupita mwa mnzake potsokomola, poyetsemula, ngakhale popatsana moni ndi dzanja lominira. Chisanu chili ngati nthaka yoguga ija. Chimathandizira, koma sichibala matenda pachokha.

Amene mukutsutsa, kumbukirani Covid. Pa 12 Januwale 2021 dziko lino linataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Zipatala zinadzaza anthu obanika. Kodi unali mwezi wa chisanu umenewo? Kunali kotentha, mvula ikugwa, ife tikubandira chimanga thukuta lili kamukamu. Chifuwa chimene chija chinayenda ndi anthu, m'mabasi, m'maliro, m'misonkhano. Sichinadikire Juni.

Wina afunsa kuti nanga bwanji mu Juni ndi Julaye mudzi wonse umatsokomola? Funso labwino, ndipo yankho lake lili m'nyumba mwathu momwemu. Kukazizira timatseka chitseko, kazenera kaja n'kukatseka ndi chiguduli. Anthu 7 kapena 8 chipinda chimodzi, ana anayi bulangete limodzi. Mmodzi akabwera nacho chimfine kuchokera kusukulu, onse akupuma mpweya wake usiku wonse. Pakati tayatsa moto wa zitsononkho ndi nkhuni zaziwisi, utsi uli tolo, khanda lili kumsana kwa amake pafupi ndi mafuwa. Masana tikutonola, tikupeta, fumbi lonse m'chifuwa. Ino ndi nyengonso ya zinkhoswe, maukwati ndi ziliza, poti takolola. Mukakwera minibasi ya ku Mchinji, wina akangotsegula zenera onse amukalipira. Achipatala amanenanso kuti mphuno ikazizira mphamvu yake yotchinga tizilombo imachepa. Ndiye inde, nyengoyi matenda amachuluka. Koma amachuluka chifukwa tapanikizana, tapuma utsi, ndipo thupi lafooka.

Mwina mukuti, aaa bambo, chisanu kaya tizilombo, kusiyana kwake n'kotani poti kudwala n'kumodzi? Kusiyana kwake n'kwakukulu. Munthu akakhulupirira kuti ndi chisanu, mankhwala ake amakhala bulangete, tiyi wa mandimu ndi kudikira. Amati kukatentha kusiya kokha. Chimfine wamba chimathadi chokha pakapita sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Koma chibayo sichidikira Ogasiti. Mwana wamng'ono chingathe kumutenga m'masiku ochepa, inu mukumuwotheza dzuwa pakhonde.

Amayi, azakhali, agogo, izi zisungeni pamtima. Mwana akamatsokomola, mum'vule malaya ali phee, muyang'ane pachifuwa, wina agwire foni awerenge nthawi. Pa mphindi imodzi, khanda losakwana miyezi 2 likapuma ka 60 kapena kuposa, si bwino. Wa miyezi 2 mpaka 11, ka 50. Wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, ka 40. Mukaona m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati akamakoka mpweya, kapena akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, akukomoka, wangoti lefuu, musadikire kuti bambo abwere kumsika. Itanani wakabaza. Pali alangizi a zaumoyo m'midzi mwathu, pali St Gabriel's pa Namitondo, a uko kumpoto muli ndi Kabudula. Katemera wa chibayo anayamba kuperekedwa kusikelo m'dziko muno mu Novembala 2011. Ndi waulere. Koma alipo amayi amene amajomba kusikelo mu Juni ati kukuzizira, mwana angadwale pomuvula. Tamvani zimenezo! Kuthawa katemera poopa chisanu.

Chinanso ndi malungo. Mwana akamanjenjemera mano ali gwegwede, timati wazizidwa. Akuti nyengo ino kulibe udzudzu. Wachepa, inde, koma sunathe, makamaka ife okhala m'mbali mwa madambo ndi zitsime za kudimba. Masikito musamange nawo mpanda wa ndiwo. Kuyezetsa magazi sikutenga ngakhale theka la ola. Ndipo inu abambo anzanga, chifuwa chikadutsa masabata awiri, usiku mukutuluka thukuta, thalauza yayamba kukhwepa, musati ndi chisanu cha kudimba kapena fodya wa chingambwe. Kaperekeni makhololo. TB imachizika, mankhwala ake ndi aulere, miyezi 6. Mukamabisa mukudyetsa njere ana anu omwe mukugona nawo nyumba imodzi.

Tsono ndisakunamizeni kuti chisanu chilibe mlandu uliwonse. Alipo amene chimawapha chokha popanda kachilombo. Woyamba ndi khanda, makamaka lobadwa masiku osakwana. Thupi lake silisunga kutentha. N'chifukwa chake anamwino amati musalisambitse tsiku lobadwa, mulivale chipewa, ndipo likhale pachifuwa pa amake khungu ndi khungu, kuja amati kangaroo. Bambo nawonso angathe kufungatira, si zamanyazi. Wachiwiri ndi nkhalamba yogona yokha pamphasa ndi chitenje chimodzi. Wachitatu ndi uja wakhuta kachasu n'kugona m'ngalande. Amaona ngati mowa wamutenthetsa, chonsecho thupi likuzizira iye osadziwa. A mphumu nawonso mphepo yozizira imawabanikitsa. Amenewa tiwafunditse, palibe wokana.

Koma pothawa chisanu tisadziphe tokha. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka imatulutsa mpweya woipa wopanda fungo. Munthu amangomva mutu kulemera, tulo n'kubwera, basi osadzukanso. Pogona mbaula itulutseni panja. Ndipo ana ang'onoang'ono ndi anthu a khunyu musawasiye okha pamoto. Mabala amoto nyengo ino tawaona okwanira.

Tsopano inu a m'tauni. Ena mumaseka kuti akumudzi n'ngosaphunzira, koma mukaimba foni n'kumva kuti mwana akutsokomola, ndinu nomwe mumati "mum'gulire Bactrim pa gulosale" kapena kutumiza makapisozi otsala kwa ana anu. Chimfine sichimva makapisozi. Chibayo chimafuna mankhwala oyenera, mlingo wokwanira, woperekedwa ndi munthu amene wamuona mwanayo. Makapisozi awiri ogula pa okala amangozolowetsa tizilombo, tsiku lofunikadi mankhwalawo osagwiranso ntchito. Ngati mukufuna kuthandiza, pitani pa kaunjika mugule mabulangete, majuzi ndi zipewa, kuti ana asaunjikane pa chofunda chimodzi. Kwa agogo tumizani nsapato ndi masokosi. Mukamva kuti mwana akupuma mothamanga, tumizani ya kabaza pa Mpamba kapena Airtel Money ola lomwelo, mafunso pambuyo. Ndalama ya bokosi mumaipeza tsiku limodzi. Ya ulendo wa kuchipatala imavuta chani?

Kwa ife a kuno, zochita si zodula ayi. Masana tsegulani mazenera ndi zitseko, mphepo idutse. Zofunda ziyanikeni padzuwa. Phikirani panja kapena m'khitchini mopita mphepo, khanda likhale kutali ndi utsi. Wotsokomola atseke pakamwa ndi chigongono, asambe m'manja ndi sopo asanagwire mwana. Ana adye, mbatata ilipo, mtedza ulipo, maungu alipo, masamba a kudimba musagulitse onse.

Safunsa anadya phula, abale. Mwana akadwala musafunse mphepo kuti yachokera kuti, funsani achipatala kuti ali ndi chiyani. Chisanu chibwera chaka chilichonse ndipo chimapita chokha. Mwana wotayika chifukwa chodikira sabweranso. Amene muli ndi foni, awerengereni anzathu alibe.