Kodi Lamya ya M'manja Ingachize Wodwala Maganizo ku Neno?

Munthu akathyoka mwendo m'mapiri a kwa Dambe, mudzi wonse umadziwa chochita. Amuna amamanga machira, mnyamata amathamangira njinga yamoto, ndipo dzuwa lisanalowe wovulalayo amakhala ali m'manja mwa anamwino. Koma munthu akasiya kudya, tulo n'kumuthawa, akayamba kukhala yekhayekha kuseri kwa nkhokwe pamene anzake ali kudimba, anthu amangoti akuganiza kwambiri, ena n'kumanong'ona kuti pali dzanja la munthu. Chonsecho matendawa ndi odziwika kuchipatala ndipo amachizika. Chovuta n'chakuti owachiza ndi owerengeka ndiponso ali kutali. Chipatala cha boma choona za matenda a maganizo okhaokha chili ku Zomba, a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo kwa zaka zambiri madokotala a ukatswiri wa matendawa m'dziko lonse lino sanali kukwana ngakhale zala za dzanja limodzi.

N'chifukwa chake masiku ano kwamveka mawu akuti lamya ya m'manja ilowe m'malo mwa dokotala amene palibeyo. M'maiko a azungu muli mapulogalamu ambirimbiri oika m'foni amene amafunsa munthu za m'mene wagonera, m'mene wadyera ndi zimene zikumusautsa, kenaka n'kumulangiza kapumidwe kotsitsa mtima ndi njira zoyalira mavuto ake limodzilimodzi. Ena amayankha ngati kuti mkatimo muli munthu, ena amalumikiza wodwalayo ndi mlangizi weniweni amene ali kutali. Oyamikira zimenezi amati lamya sifuna ndalama ya basi, sichititsa manyazi pamzere wa kuchipatala, ndipo imayankha ngakhale pakati pa usiku, nthawi imene maganizo oipa amakonda kufika.

Mfundozi si zonyozeka ayi. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO linakonza pulogalamu yotchedwa Step-by-Step, ya maphunziro asanu ofotokozedwa kudzera m'nthano ya zithunzi, ndipo itayesedwa ku Lebanon pakati pa eni dziko ndi othawa nkhondo a ku Syria, zotsatira za mu 2022 zinaonetsa kuti odwala anapepukidwa. Koma pali chinthu chimodzi chimene otamanda lamya amachidumpha akamasimba nkhaniyi. Wodwala aliyense anali ndi mthandizi, munthu wamba wophunzitsidwa, amene ankamuimbira kapena kumulembera kwa mphindi pafupifupi 15 sabata iliyonse. Lamya inali chotengera. Chimene chinali kutengedwacho chinali mawu a munthu.

Boma la Neno lili ndi phunziro lakelake pa nkhaniyi, ndipo ndi phunziro loyenera kulimvetsa anthu asanathamangire kugula za kunja. Bomali linapatulidwa kuchokera ku Mwanza mu 2003, ndipo kalembera wa mu 2018 anapezako anthu pafupifupi 138,000. Mu 2007 bungwe la Partners In Health, limene kumeneko limadziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, linayamba kugwira ntchito pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo. Mu 2015 iwowa anaphatikiza pamodzi chisamaliro cha matenda a mgonagona, kotero kuti wa HIV, wa shuga, wa kuthamanga magazi, wa mphumu, wa khunyu ndi wa maganizo amafika tsiku limodzi pakhomo limodzi. Nzeru yake ndi yaikulu kuposa m'mene ionekera, pakuti munthu woima pamzere wotere palibe angamuloze chala kuti wadzera zamisala. Kumidzi nako kuli anthu oposa 1,000 osankhidwa m'midzi yawo yomwe, amene amayendera mabanja khomo ndi khomo mwezi uliwonse.

Pa maziko amenewa ndi pamene anayesa chithandizo cha matenda a kukhumudwa m'zipatala 14 za m'bomali. Odwala ankafunsidwa mafunso ochepa ounikira, ndipo opezeka ndi vutoli ankasonkhana m'magulu kasanu motsogozedwa ndi alangizi amene sanali madokotala, potsata njira ya WHO yotchedwa Problem Management Plus. Ofunika mankhwala ankalandiranso mankhwala. Zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya madokotala ya The Lancet mu 2024, ndipo zinaonetsa kuti matendawa anachepa, mtengo wake unali wotsika, ndiponso a m'banja la wodwalayo anapepukidwa nawo. Za ku Neno zinamveka mpaka ku London popanda wodwala ndi mmodzi yemwe kulankhula ndi makina.

Izi sizachilendo kwa amene anamva za ku Harare, kumene Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench m'dera la Mbare, agogo aakazi ophunzitsidwa n'kumakhala pabenchi kunja kwa chipatala kumvera odandaula. Ashona matendawa amawatcha kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri, mawu omwewo amene amamveka m'midzi ya kwa Mlauli ndi kwa Symon.

Tsono tayerekezani kuti pulogalamu ya ku America yafika kwa mayi wa kwa Chekucheku. Choyamba afunika foni yamakono, pamene m'nyumba zambiri muli foni yamabatani, mwinanso palibiretu. Afunika moto wa m'foniyo, ndipo apa m'poseketsa momvetsa chisoni, pakuti magetsi a dziko lino amapangidwa pa Nkula ndi pa Tedzani, m'mphepete mwenimweni mwa bomali, koma mawaya amangodutsa pamwamba pa midzi kulunjika kumizinda. Afunika bandulo, afunika netiweki imene m'zigwa zina amachita kuikwerera pachulu, afunikanso Chingerezi. Mayiyo akati mtima wake ukuwawa, kapena kuti mutu wake sukuyenda bwino, mlangizi wa kumudzi amadziwa kuti afunse za mwamuna, za ngongole ya ku banki m'khonde kapena za maliro a chaka chatha. Makina ophunzitsidwa ndi mawu a anthu a ku California angathe kumulangiza kuti akapimitse mtima.

Koma chachikulu koposa ndi chinsinsi. M'mabanja ambiri foni ndi ya bambo, amayenda nayo m'thumba ndipo ndiye amadziwa nambala yotsegulira. Nanga mayi amene chomusowetsa tulo ndi bamboyo, adzalemba bwanji madandaulo ake m'chipangizo chimene madzulo chibwerera kwa mwini wake? Ngakhale foni ikhale yakeyake, pamaitchajitsa pagolosale, ndipo ana amaseweretsa. Kunjanso kumene mapulogalamuwa amachokera zaoneka kale: mu 2023 boma la America linalamula kampani ya BetterHelp kulipira madola 7.8 miliyoni chifukwa chopereka mbiri ya odwala ake kwa otsatsa malonda, kuphatikizapo Facebook. Malawi anakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ya anthu mu 2024, koma lamulo la ku Lilongwe n'lovuta kuligwiritsa ntchito pa kampani imene ilibe ngakhale chitseko m'dziko muno. Makampaniwo amathanso kutseka tsiku lililonse akaona kuti phindu palibe. Pulogalamu yotchuka ya Woebot inaleka kugwira ntchito mu June 2025, oidalira n'kutsala akuyang'ana galasi lopanda kanthu.

Ndipo ilipo nthawi imene uphungu wa pagalasi sukwanira konse. Munthu akanena kuti watopa ndi moyo, pafunika wina wogogoda pachitseko, wokhala naye usiku umenewo, wochotsa zoopsa m'nyumbamo ndi kum'perekeza kuchipatala kukacha. Lamya ilibe miyendo.

Kodi ndiye kuti Neno aikane lamya? Iyayi. Funso ndi lakuti ikhale m'manja mwa yani. Oyendera mabanja ambiri a m'bomali anayamba kale kugwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa YendaNafe, imene imawakumbutsa khomo loyenera kufikako ndi wodwala amene wajomba kuchipatala. Njira yanzeru ndiyo kumanga pamenepo. Mafunso ounikira matenda a maganizo akhale m'foni ya woyenderayo, m'Chichewa chimene agogo angamve, ndipo yankho loopsa likalembedwa, uthenga ufike msanga kwa namwino wa ku Lisungwi kapena wa pa Boma. Alangizi a m'magulu, amene amasenza zowawa za anthu ambiri, azitha kulankhula ndi akatswiri a ku Blantyre ndi ku Zomba mwezi ndi mwezi popanda kukwera galimoto m'msewu wa matope. Kwa wodwala mwini, chomuyenera ndi nambala yaulere yoimba ndi mawu pa foni yamabatani, monga inayambira ntchito ya Chipatala Cha Pa Foni ku Balaka mu 2011, ndipo woyankhayo akhale munthu wodziwa kumene chipatala cha pafupi ndi woimbayo chili.

Achinyamata a pa Zalewa ndi a m'sukulu za sekondale, amene ali ndi mafoni amakono ndipo amachita manyazi kukhala pagulu ndi amayi awo, pulogalamu yonga ya ku Lebanon ija ingawathandize ndithu, ikamasuliridwa bwino ndiponso ikakhala ndi mthandizi woimba sabata ndi sabata. Koma aphungu a ku Nyumba ya Malamulo ndi mabungwe opereka thandizo asalole kuti ndalama yogulira pulogalamu ichotsedwe pa malipiro a alangizi kapena pa mankhwala. Mayi wa kwa Dambe amene foni ya woyendera mabanja yamupeza ndi matendawa adzatsikabe phiri wapansi, ndipo akafika pazenera la mankhwala ayenera kupeza kuti mankhwalawo alipo.